Akupezani ndi hepatitis B: chiwindi muchiyeze ndi njira iti?

Mng'ono wanga anandiimbira foni Lachinayi lina madzulo, mawu ali phee ngati munthu wobwera kumaliro. Anali atapita kukapereka magazi ndi anzake a kutchalitchi, ndipo patapita masiku anamuitana n'kumuuza kuti m'magazi mwake muli kachilombo ka hepatitis B. Sabata yotsatira anaimbanso, ulendo uno akuseka. "Achimwene, musadandaulenso. Ndalipira sikani, andipaka mafuta aja pamimba, andiunika, akuti chiwindi changa chili bwinobwino." Ine ndagwira ntchito mu labotale zaka zambiri, ndipo mawu akuti "sikani yati zili bwino" ndawamva kwa anthu amene pambuyo pake anabwera mimba itatupa ndi madzi. Ndinamufunsa ngati anamutenga magazi oyeza AST ndi mapulateleti, zinthu ziwiri za m'magazi zimene zimathandiza kudziwa mmene chiwindi chilili. Anati ayi. Ndinamuuza kuti ndiye kuti sanayezedwe.

Kupezeka ndi kachilomboka si chigamulo cha imfa. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali nako, ndipo ambiri mwa iwo amalima, amaphunzitsa, amabereka ana, osadziwa kanthu. Koma chaka chomwecho matendawa anapha anthu pafupifupi 1.1 miliyoni, ambiri chifukwa cha kuuma kwa chiwindi ndi khansa ya chiwindi. Chimene chimasiyanitsa magulu awiriwa ndi zipsera. Kachilomboka kakamalimbana ndi chitetezo cha m'thupi chaka ndi chaka, chiwindi chimavulala, chimapola, chimavulalanso, ndipo pamene pavulala pamatsala chipsera. Madokotala amaika zipserazi m'magawo kuyambira F0, pamene palibe chilichonse, mpaka F4, pamene chiwindi chauma. Choopsa chake n'chakuti chiwindi sichilira msanga. Maso achikasu, mimba yotupa ndi kusanza magazi zimabwera kumapeto kwenikweni. Ndiye funso la munthu aliyense amene wapezeka ndi kachilomboka ndi ili: zipsera zanga zafika pati? Njira zoyankhira zilipo zingapo, ndipo sizifanana mphamvu.

Kudula kachidutswa ka chiwindi

Iyi ndiye njira yakale, imene njira zina zonse zimayerekezedwa nayo. Dokotala amabaya mankhwala a dzanzi pakati pa nthiti za kumanja, amalowetsa singano yaitali, n'kutulutsa kanyama kowonda ngati ulusi, kotalika masentimita awiri kapena kupitirira pang'ono. Njira yochita izi mwachangu anaifalitsa ndi dokotala wa ku Italy, Giorgio Menghini, mu 1958. Katswiri amakaika kanyamako pa maikulosikopu n'kuona ndi maso ake zipsera, kutupa, mafuta, ngakhale matenda ena amene palibe amawaganizira.

Ubwino wake ndi womwewo: amaona chiwindi chenichenicho. Koma kanyamako ndi gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 50,000 a chiwindi chonse. Zili ngati kulawa njere imodzi ya mtedza n'kuweruza thumba lonse. Singano ikalasa malo abwino, zotsatira zimanama. Komanso pamakhala ululu, wodwala amagona maola angapo akumuyang'anira, ndipo mwa apo ndi apo magazi amatayikira m'kati, makamaka kwa amene chiwindi chawo chauma kale. Akatswiri owerenga tinyama timeneti ndi ochepa kwambiri m'maiko athu, moti zotsatira zimatha kutenga masabata. Kwa munthu wa hepatitis B wamba, masiku ano njirayi si yoyambira. Imasungidwira pamene zoyeza zina zikutsutsana, kapena pamene dokotala akukayikira kuti pali matenda ena pamwamba pa kachilomboka.

Sikani ya pamimba

Iyi ndiyo imene anthu amaikonda, chifukwa imapezeka m'zipatala zambiri za maboma ndi zolipira, ndiponso munthu amaona chithunzi pa kompyuta, mtima n'kukhala m'malo. Sindikuinyoza. Sikani imaona madzi m'mimba, kapamba wotupa, chiwindi chimene chakwinyika n'kuchita tokhotokho, ndi chotupa. Zimenezi palibe kuyeza magazi kumene kungazionetse bwino chotero.

Vuto ndi lakuti zonsezi ndi zizindikiro za mochedwa. Chiwindi cha pa F2 kapena F3 chimatha kuoneka chosalala pa sikani, ngakhale cha pa F4 chimene changoyamba kuuma chimadutsa osaoneka. Zotsatira zimadaliranso diso la wounikayo ndi ukalamba wa makina. Choncho sikani ikaonetsa kuti chiwindi chauma, ikhulupirireni. Ikati zonse zili bwino, sinakuuzeni za zipsera, yangokuuzani kuti simunafike pothera.

Ntchito yake yeniyeni ndi ziwiri. Yoyamba ndi kulondera khansa: munthu amene chiwindi chake chauma, kapena amene kwawo wina anadwalapo khansa ya chiwindi, ayenera kuunikidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, chifukwa chotupa chaching'ono chili ndi chithandizo pamene chachikulu chilibe. Yachiwiri ikukhudza ife a kunyanja, a kuchigwa cha Shire ndi olima mpunga m'madambo. Likodzo la m'matumbo, loyamba ndi nyongolotsi yotchedwa Schistosoma mansoni, limasiya mazira m'mitsempha ya chiwindi, ndipo zipsera zake zimazungulira mitsemphayo ngati chitoliro. Pa vuto limeneli sikani ndiyo imaposa zonse, chifukwa maonekedwe a zipserazo ndi odziwika kwa wounika wophunzira bwino. Munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri, kachilombo ndi likodzo, ndipo likodzolo lili ndi mankhwala ake, praziquantel.

FibroScan

Aliyense amene anagulako chiwindi cha mbuzi pachiwaya amadziwa kusiyana kwake. Chachiwisi chimanjenjemera ukachikhudza, chofewa ngati phala lozizira. Chikakhalitsa pamoto chimalimba, chala sichilowanso. FibroScan imayeza kulimba kumeneku munthu ali moyo, osamucheka. Makinawa anapangidwa ndi kampani ya Echosens ya ku Paris ndipo anayamba kudziwika mu 2003. Wodwala amagona chagada, mkono wamanja kuseri kwa mutu. Woyeza amaika kachipangizo pakati pa nthiti, ndipo kamagogoda pang'ono, ngati munthu wakutosa ndi chala. Kugogodako kumatumiza funde m'chiwindi. Chiwindi chikakhala cholimba fundelo limathamanga, chikakhala chofewa limayenda pang'onopang'ono. Amagogoda kakhumi, n'kutenga nambala ya pakati. Zonse zimatha mphindi zosakwana khumi, ndipo zotsatira zimatuluka pompo.

Muyeso wake ndi kPa. Chiwindi chabwino chimakhala cha m'ma 5. Malinga ndi malangizo a WHO a 2024, kupitirira 7 ndi chizindikiro cha zipsera zofunika chithandizo, ndipo kupitirira 12.5 ndi chizindikiro chakuti chiwindi chauma. Malo amene makinawa amayeza ndi aakulu pafupifupi ka 100 kuposa kanyama ka singano kaja, ndipo mukhoza kubwereza chaka chilichonse osavulaza munthu. Mwa njira zonse zosacheka, iyi ndiyo yolondola kwambiri, makamaka pouza munthu kuti chiwindi chake sichinaume.

Nayonso ili ndi pamene imapunthwa. Munthu akangodya, magazi amachuluka m'chiwindi ndipo nambala imakwera, n'chifukwa chake amati mubwere musanadye kwa maola atatu. Chiwindi chikatupa mwadzidzidzi, ALT (chinthu chimene chimatuluka m'maselo a chiwindi akavulala n'kupezeka m'magazi) itakwera kwambiri, nambala imakweranso ngakhale zipsera zili zochepa. Mtima wofooka ndi mowa wa dzulo zimachitanso chimodzimodzi. Kwa munthu wonenepa kwambiri pamafunika kachipangizo kena kakakulu, ndipo m'mimba mukadzaza madzi fundelo silidutsa. Koma chopinga chachikulu ndi mtengo. Makinawa ndi odula kugula, odula kukonza, ndipo kwathu kuno ndi owerengeka, amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu ndi m'ntchito za kafukufuku. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje kumuuza kuti adikire FibroScan ndi kumuuza kuti adikire chinthu chimene mwina sadzachiona.

Magazi ndi kakyuleta: APRI

Apa ndi pamene mtima wanga uli. APRI si makina. Ndi samu yochokera pa zinthu ziwiri zimene labotale ya chipatala cha boma imayeza kale: AST, imene imatuluka m'maselo a chiwindi akavulala, ndi mapulateleti, tizigawo ta magazi timene timathandiza kuti bala lisiye kukha magazi. Zipsera zikamachuluka AST imakonda kukwera, mapulateleti n'kumatsika, chifukwa magazi amabwerera m'kapamba ndipo kapambayo amawatsekera. Samuyi inasindikizidwa mu 2003 ndi Chun-Tao Wai ndi anzake a ku University of Michigan. Mumatenga AST, kugawa ndi 40 (malire a AST ya munthu wabwinobwino), yankholo kugawa ndi mapulateleti, kenako kuchulukitsa ndi 100.

Mng'ono wanga atabwerera kukayezetsa, anandijambulira kapepala ka zotsatira pa WhatsApp. AST inali 52, mapulateleti 148. Ndinawerengera nditaima pakhonde: 52 kugawa ndi 40 ndi 1.3, kugawa ndi 148, kuchulukitsa ndi 100, yankho 0.88. Manambala awiri onsewo, powaona paokhapaokha, sakanadzidzimutsa aliyense. AST yangokwera pang'ono, mapulateleti angotsika pang'ono. Koma pamodzi akunena kanthu.

Tanthauzo la 0.88 limadalira chaka chimene mwafunsa. M'malangizo ake oyamba a 2015, WHO inati APRI yopitirira 2 ndiyo chizindikiro cha chiwindi chouma, choyenera kuyambitsa mankhwala. Malire amenewo anachokera pa odwala a hepatitis C a kumaiko a azungu. Madokotala a mu Africa anayamba kuona kuti odwala awo ambiri, chiwindi chitauma ndithu, safika pa 2. Ndiye anaphatikiza zotsatira za odwala awo m'gulu la kafukufuku lotchedwa HEPSANET: anthu 3,548 ochokera m'maiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Ethiopia, Gambia, Senegal ndi South Africa. Zotsatira zinatuluka mu 2023 m'magazini ya Nature Communications, ndipo zinali zowawa. Pa anthu 100 alionse amene FibroScan inaonetsa kuti chiwindi chawo chauma, malire a 2 aja ankangogwira 16 kapena 17. Otsalawo ankabwezedwa kunyumba ngati abwinobwino. Ofufuzawo anasonyeza kuti malire otsika, a 0.65, amagwira oposa theka.

Mu Malichi 2024 WHO inatulutsa malangizo atsopano. Tsopano APRI yopitirira 0.5 ikutengedwa ngati chizindikiro cha zipsera zofunika chithandizo, ndipo yopitirira 1 ngati chizindikiro cha chiwindi chouma. Mng'ono wanga, amene mu 2016 akanauzidwa kuti apite adzabwere chaka chamawa, lero ali m'gulu loyenera mankhwala. Ndikaganiza za anthu amene anadutsa m'manja mwathu zaka zimenezo ndi 0.9 kapena 1.4, n'kumapita akumwetulira, mtima umandipweteka.

APRI imanama nthawi zina, ndipo kunama kwake kwathu kuno kuli ndi zifukwa zodziwika. Malungo amagwetsa mapulateleti, ndiye musayezetse muli ndi malungo kapena mutangochira. Likodzo lotupitsa kapamba limachitanso zomwezo. Kachasu amakweza AST. Mankhwala a TB ndi zitsamba zina zimaikwezanso. Kutsitsa malire kukutanthauza kuti ena adzayamba mankhwala pamene zipsera zawo zili zochepa. Ine ndalingalira zimenezi ndipo ndikuona kuti ndi mtengo woyenera kulipira: piritsi limodzi patsiku kwa munthu amene mwina akanadikirako, poyerekeza ndi maliro a bambo wa zaka 38. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuyeza kumene kulipo pa boma panu mwezi uno kumaposa kuyeza kwabwino kumene kuli makilomita 400 kutali.

Pali abale ake a APRI. FIB-4, ya mu 2006, imawonjezera zaka za munthu ndi ALT, koma inapangidwira anthu a HIV ndi hepatitis C, ndipo kwa achinyamata, amene ndi ambiri mwa odwala athu, imakonda kuonetsa nambala yotsika. GPR inachokera mu Africa momwemuno, pa kafukufuku wa PROLIFICA ku Gambia ndi Senegal motsogozedwa ndi Maud Lemoine, ndipo imagwiritsa ntchito GGT, chinthu china cha m'chiwindi choyezedwa m'magazi, m'malo mwa AST. Imachita bwino ngati APRI, koma GGT siyezedwa paliponse ndipo mowa umaisokoneza kwambiri. Kwa ambiri a ife APRI ndiyokwanira.

Kuchuluka kwa kachilombo, ndi funso limene silifuna ndalama

Anthu amene azolowera za HIV amafunsa msanga za viral load. Ya hepatitis B iliponso, imatchedwa HBV DNA, ndipo makina a GeneXpert amene timayezera TB akhoza kuiyeza ngati katiriji yake ilipo. Koma imayankha funso lina. Siiyeza zipsera, imayeza moto umene ukupanga zipserazo. Malangizo a 2024 akuti ikapitirira 2,000 IU/mL, ALT nayonso ili pamwamba pa 30 kwa abambo kapena 19 kwa amayi, munthu ayambe mankhwala ngakhale APRI ili yotsika. Kumene kuyezaku kulibe, ALT yopezeka yokwera pa maulendo awiri oyeza m'kati mwa miyezi 6 mpaka 12 ndi chifukwa chokwanira.

Kwa mayi woyembekezera nambalayi ndi yofunika koposa. Ikafika 200,000 IU/mL, chiopsezo chopatsira mwana n'chachikulu, ndipo mankhwala a tenofovir, akayambika pakati pa mimba, amachichepetsa. Mwa ana khumi alionse amene atenga kachilomboka pobadwa, asanu ndi anayi amakhala nako moyo wonse, pamene wamkulu akakatenga kawirikawiri thupi limakachotsa lokha. N'chifukwa chake WHO imalimbikitsa katemera wa hepatitis B wa m'maola 24 oyamba mwana atabadwa. Katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14, amene Malawi anayamba kupereka mu 2002, wagwira ntchito yooneka: kafukufuku wa ku Ndirande mu Blantyre anapeza kachilomboka mwa akuluakulu pafupifupi 5 pa 100 alionse, koma mwa ana obadwa katemerayu atayamba sanafike ngakhale mmodzi pa 100.

Ndiye pali kuyeza kumene sikufuna singano kapena makina. Kodi kwanu alipo anamwalira ndi khansa ya chiwindi, kapena mimba itatupa, maso ali achikasu? Malangizo atsopanowa akuti mbiri yotere payokha ndi chifukwa choyambira mankhwala, chimodzimodzinso kukhala ndi HIV, hepatitis C kapena D, shuga, kapena kumwa mankhwala ofooketsa chitetezo kwa nthawi yaitali. Ine ndi mng'ono wanga titakhala pansi tinakumbukira amalume athu, amene anamwalira ali ndi zaka za m'ma 40, mimba ili ngati ya mayi wa pakati, anthu akunong'onezana kuti anawadyetsa. Palibe anatchulapo chiwindi. Kuchipatala funso limeneli limaiwalika kawirikawiri, ndiye liyankheni musanafunsidwe.

Zotsatira zikati yambani

Pa mankhwala kusankha sikovuta kwenikweni. Tenofovir ndiye wopezeka kwambiri komanso wotchipa, piritsi limodzi patsiku, ndipo kachilomboka sikamuzolowera. Amafuna kuyang'anira impso, choncho creatinine ayezedwe musanayambe ndiponso chaka chilichonse. Entecavir ndi wabwino kwa amene impso kapena mafupa awo ndi ofooka, koma amamwedwa m'mimba mulibe chakudya, ndipo sagwira bwino kwa amene anamwapo lamivudine payekha kale. Kumene tenofovir payekha sapezeka, WHO yavomereza kugwiritsa ntchito piritsi lophatikiza tenofovir ndi lamivudine kapena emtricitabine. Jakisoni wa interferon, wa sabata ndi sabata kwa masabata 48, ndi wodula ndiponso wozunza thupi, moti kuno sitimuwerengera.

Zinthu ziwiri ndimazibwereza kwa aliyense. Yezetsani HIV musanameze piritsi loyamba, chifukwa tenofovir payekha kwa munthu wa HIV amachititsa kuti HIV izolowere mankhwala. Amene ali kale pa ma ARV a TLD akumwa tenofovir ndi lamivudine tsiku lililonse, ndiye kuti chiwindi chawo chikutetezedwa, koma adokotala ayenera kudziwa za hepatitis B asanawasinthire mankhwala. Chachiwiri, mukayamba musadukize. Mankhwalawa amagoneka kachilombo, sakachotsa. Mukasiya mwadzidzidzi kamadzuka mwaukali, ndipo chiwindi chimene chili ndi zipsera kale chikhoza kulephereratu m'masabata ochepa. Mabotolo ogulitsidwa m'misika ndi pa Facebook akuti "otsuka chiwindi" alekeni, chiwindi chodwala sichifuna katundu wina. Mowa usiyeni. Mtedza ndi chimanga cha chuku musadye, chifukwa poizoni wa aflatoxin akakumana ndi kachilomboka chiopsezo cha khansa chimachulukirachulukira.

Ndikanati ndiike njirazi pamzere kwa munthu wa kwathu, ndikanayamba ndi kufunsa mbiri ya kubanja, HIV, kenako AST, ALT ndi mapulateleti tsiku lomwelo. FibroScan ngati ilipo pafupi, pitani, makamaka APRI ikakhala pafupi ndi malire kapena mukakayikira kuti malungo ndi likodzo zasokoneza. HBV DNA ngati thumba likulola, ndipo kwa mayi woyembekezera yesetsani ndithu. Sikani ibwere kudzafufuza chotupa, madzi ndi likodzo. Singano ikhale ya pamene adokotala asowa poyambira.

Mng'ono wanga anabwerera kuchipatala ndi kapepala kaja, samu nditamulembera kuseri kwake, ndi nkhani ya amalume. Anabwereza magazi patatha mwezi, APRI inatuluka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo anamuyambitsa tenofovir. Amamwa usiku akamatseka chitseko. Mlamu anayezetsa, alibe, ndipo walandira katemera. Ana awiri alibe. Ine ndinayezetsa sabata yomweyo, ndilibe. Atsala ndi alongo athu awiri kumudzi ndi amayi, amene akuti adzapita akatha kukolola, ndipo ndawauza kuti ndidzabwera kudzawatenga ndekha.